Bokosi Losalankhula

1. Khutu la a Damião

A Damião sankalandira kanthu osayamba akagwedeza pafupi ndi khutu. Ukawapatsa phukusi, ankalinyamula ndi manja awiri, n'kupendeketsa mutu, n'kuligwedeza. Ankatero ndi thumba la nyemba, ankateronso ndi botolo la mafuta. Ana a ku Tsangano ankati mayi wina anawapatsirapo khanda kuti amugwirire, iwo n'kulifikitsa kukhutu kuti amve za m'kati.

Ntchito yawo inali yonyamula koreyu, ndiye kuti makalata ndi timaphukusi ta anthu. Masiku amenewo a nkhondo galimoto sinkayenda yokha. Magalimoto ankadikirana n'kunyamuka mondondozana, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Anthu ankati koluna. A Damião ankakwera koluna ndi thumba lawo kuchokera ku Tsangano, kudzera ku Ntengo-Wambalame ndi ku Ulongwe, mpaka ku Furancungo.

Albina, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ankadikira kolunayo ndi mtima wonse. Mkulu wake, mana Terezinha, anakwatiwa kufupi ndi Furancungo. Mwamuna wake anatengedwa usilikali ndipo sankamveka. Terezinha anatsala ndi khanda, apongozi okalamba, ndi nkhuku ziwiri zathadzi.

Kumeneko atambala anali atatha. Anthu ankathawira kutchire kawirikawiri, ndipo tambala akalira ankaulula pobisala. Choncho onse anadulidwa makosi. Nkhuku za Terezinha zinkaikira ndithu, koma dzira lopanda tambala siliswa.

Mayi ake a Albina, a Clementina, anali adakali ndi tambala mmodzi wofiira. Ndiye mwezi wapitawo anatumiza mazira kudzera kwa a Damião, kuti nkhuku ya Terezinha ikafungatire.

2. Chigoba

Tsiku limene koluna inabwerera, a Damião anafika pakhomo fumbi lili mpaka m'nsidze. A Clementina ankasankha nyemba pakhonde, Albina akupeta. Atsibweni ake a Albina, a Fabião, anali pampando akusema mpini.

"Mwayenda bwanji, bambo?" anafunsa a Clementina.

"Tayenda, mayi. Msewu watilola." A Damião anakhala pa njerwa. "Terezinha ali bwino, mwana alinso bwino. Koma mazira aja sanaswe."

"Ngakhale limodzi?"

"Ngakhale limodzi. Onse anasukusa. Nkhuku inakhalira mpaka kutsala mafupa, apongozi ake anangoipha."

A Clementina anasiya nyemba. A Fabião sanasiye kusema.

A Damião anapisa m'thumba la malaya natulutsa chigoba cha dzira chokulunga m'tsamba. Pa chigobacho panali timizere titatu ta makala, ngati phazi la nkhuku. Umu ndi mmene a Clementina ankalembera mazira awo.

"Terezinha wandipatsa kuti muone kuti anafika ndi anu omwe. Akutinso nkhuku yotsala ija yayamba kukhalira. Panopa ikufungatira mwala. Apongozi akuti ikapanda kulandira mazira ulendo uno, nayonso ilowa mu mphika, chifukwa nkhuku yosaikira imangotha chakudya."

"Makala ali pa moto uliwonse, a Damião," anatero a Fabião, maso ali pa mpini.

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ndangonena za makala."

A Damião anaimirira nasasa thalauza. "Koluna inyamukanso mkuja. Mukafuna kutumiza, mundipeza ku koreyu."

3. Mawu a atsibweni

Mlendo atangokhota pa nkhokwe, a Fabião anaika pansi mpini.

"Mlongo, iwe ndi mwana uyu, mverani. Nkhondo yasintha anthu. Munthu amene kale unkamusiira nyumba yosatseka, lero akhoza kukugulitsa ndi mchere wodzaza chikhatho. Nkhuku zako ndimazidziwa. Tambala wako sachita ulesi. Pano zikafungatira, anapiye amadzaza bwalo mpaka timasowa poponda. Nanga mazira omwewo afike ku Furancungo n'kusukusa onse? Ayi. Munthu uja mazira abwino anasiya panjira. Ku Ulongwe kuli anthu ofuna mbewu ya nkhuku. Kapena anapatsa anthu a m'tchire, zigawenga zija, kuti azimulola kudutsa, ndani akudziwa? Anzake amafera pa msewu umenewu, iye amangobwera ndi fumbi lokha. Kwa Terezinha anafikitsa mazira akale, atajambulapo timizere take. Ine ndipita kwa sekeretariyu, mkulu wa boma wa dera lino, ndikanene. Amuchotse, aikepo wina."

Kunenedwa kuti umadyetsa a m'tchire sinali nkhani yamasewera. Bambo wina wa kumsika ananenedwapo zimenezo, ndipo mpaka tsikulo mkazi wake ankamufunafuna.

"Atsibweni, munawaona akusintha mazirawo?" anafunsa Albina.

"Khoswe amaba iwe uli maso? Peta nyemba."

"Ndimangofunsa."

"Mwana wa shikola amafunsa aphunzitsi. Pano umamva."

A Clementina anatola chigoba chija n'kuchitembenuza. Timizere tinali tawo, koma sananene.

"Achimwene, dikirani kaye," anatero. "A Damião sindiwakhulupirira, koma mphekesera sindiikhulupiriranso. Mazira ena alipo. Nkhuku ya mwana wanga yatsala imodzi. Ikapita imeneyo, mchere ndi sopo adzasinthanitsa ndi chiyani? Tilongedzanso, koma ulendo uno tikhala maso."

4. Dzira si ndiwo

M'mawa mwake a Clementina anatulutsa kabokosi ka matabwa, lichero la gaga wouma, ndi makoko a chimanga. Anaitana Albina kuti akhale pafupi.

"Ulendo watha ndinalongedza ndekha iwe uli ku shikola. Lero uona. Dzira loti liswe si dzira la ndiwo. Lili ndi moyo, kungoti silinadzuke. Usatenge lalikulu kwambiri, usatengenso laling'ono. Lotalika ngati nkhaka siya, tidya. Lokhalitsa m'chisa siya. Lililonse uliyang'anitse padzuwa, ukaona mng'alu ngakhale wonga tsitsi, siya."

Albina anatola limodzi lokhala ndi chitosi nayang'ana ku mtsuko.

"Usatsuke," anatero mayi ake. "Palasa ndi chikhadabo. Dzira lili ndi chovala chake chosaoneka, madzi amachivula, matenda n'kulowa. Tsopano likulunge m'khoko, lokhalokha. Asakhudzane. Kosongoka kuloze pansi, kwakukulu m'mwamba. Kumutu kwakukuluko kuli kampweya, ndiko mwanapiye amapumira koyamba asanagogode chigoba. Kampweyako kakasuntha, kapena za m'kati zikasokonezeka, basi. Dzira lioneka labwinobwino, koma lafa."

"Ngakhale losasweka?"

"Dzira limafa lisanasweke. N'chifukwa chake sitiligwedeza. Thira gaga pansi, gaga pakati, gaga pamwamba. Kanikiza ndi zala mpaka pasatsale malo oti dzira lisunthire. Bokosi lolongedza bwino sililankhula."

Albina analemba timizere ta makala pa dzira lililonse, nalongedza monga anauzidwa. A Clementina anakhoma chivundikiro ndi timisomali, pang'onopang'ono, ngati akuopa kudzutsa mwana.

"Pita nalo ku koreyu. Uyende ngati wasenza madzi. Ukapereka usachoke msanga. Uone pamene aliika, uonenso amene akucheza nawo."

5. Ku koreyu

Koreyu inali kachipinda kamodzi pafupi ndi msika. Albina anapeza mayi wina akupereka phukusi losokedwa m'saka. Anaima kumbuyo, bokosi lili pachifuwa.

A Damião analandira phukusi la mayiyo, nalifikitsa kukhutu, naligwedeza. Silinamveke kanthu. Anakwinya nkhope naligwedezanso mwamphamvu. Kenako analitembenuza chadodolido, naligogoda pa tebulo.

"Ndi nsalu za mwana," anatero mayiyo.

"Tamva," anayankha a Damião, naligwedezanso kachitatu.

Albina anali ataona zimenezi kuyambira ali wamng'ono, ndipo nthawi zonse ankangoseka. Lero sanaseke. Mayiyo atachoka, a Damião anatambasula manja.

"Bweretsa."

Albina anabwerera m'mbuyo. "Muligwedeza?"

"Zonse ndimagwedeza."

"Lija la mwezi watha munaligwedeza?"

A Damião anaseka, koma mosakondwa. "Lija? Lija linandizunza. Katundu aliyense amalankhula, mwana. Nyemba zimati waa, mchere umati tsee, sopo amati gu. Lanu lija linangoti zii. Ine ndinagwedeza pano. Pa kontorolo yoyamba, pamene asilikali amaimitsa magalimoto, mmodzi anagwedeza, sanamve kanthu, anapatsira mnzake. Mnzakeyo analitembenuza n'kuligogoda pa tayala. Mpaka ku Furancungo palibe kontorolo imene sanalivinitse."

"Koma tinalembapo kuti ndi mazira."

"Amene anabisa zipolopolo mu ufa analembaponso kuti ndi ufa. Mnzanga amene ananyamula thumba limenelo, dzanja lake silipinda mpaka lero. Pa msewu uwu katundu wosalankhula ndi amene timamuopa. Munthu sakanikiza gaga choncho pokhapokha akubisa kanthu. Ine mayi ako ndimawadziwa, koma msilikali wa ku Ulongwe sawadziwa."

"Bwanji osatsegula?"

"Munakhoma misomali. Ndipo katundu wa koreyu ukangotsegula panjira, mwini wake amati waba. Nanga vuto n'chiyani? Palibe limene linasweka. Terezinha anatsegula ine ndilipo, onse athunthu."

"Bambo, dzira limafa lisanasweke. Mukaligwedeza, siliswa."

A Damião anayang'ana manja awo.

"Ndiye anafa asanafike ku Ntengo-Wambalame," anatero.

"Ulendo uno musagwedeze."

"Ine ndikhoza kumanga manja angawa. Asilikali sindingawalamule. Likalowa m'thumba langa, ligwedezedwa basi. Katundu amene sagwedezedwa ndi wa pamiyendo pa mwini wake, wosatseka, woti msilikali apisemo dzanja yekha n'kukhutira."

Albina anatembenuka kuti azipita.

"Ima kaye," anatero a Damião motsitsa mawu. "Zoti atsibweni ako akufuna kukandinenera ndazimva. Tsangano ndi wamng'ono. Ukawafunse chifukwa chake ndinawabwezera kaphukusi kawo ulendo wathawu."

"Munali chiyani?"

"Sindidziwa. Ndinati amasule ndione, anakana. Nakonso sikankalankhula."

Albina anawayang'anitsitsa. Munthu wonenezedwa amathanso kuneneza mnzake. Anatuluka ndi bokosi lake.

6. Pamiyendo pa mwini wake

"Wabwera nalo?" anafunsa a Clementina. "Akana?"

Albina anaika bokosi pa mphasa mosamala, nafotokoza zonse za kugwedeza ndi za makontorolo. Za kaphukusi ka atsibweni sananene, chifukwa analibe umboni.

A Clementina anagwira pakamwa. "Ndiye kulongedza kwanga komwe ndiko kunawaphetsa. Ndikanaponya nyemba ziwiri m'kachitini kuti bokosi lizilankhula."

"Akanagwedezabe, mayi, kuti amve bwino."

"Nanga titani? Ine ndi mwendo wotupawu sindingakwere galimoto."

"Ndipita nawo ndine. Shikola tatsekera."

"Ayi. Sindingasinthanitse mwana ndi nkhuku."

"A mana nawonso ndi mwana wanu. Nkhuku ija ikaphedwa, atsala ndi khanda ndi manja okha. Koluna ina ikadzanyamuka, nkhukuyo idzakhala itadyedwa kale."

A Clementina anadzuka. Anapita kukhola, anabwerako. Analowa m'nyumba, anatuluka atavala mpango ndipo atagwira ndodo yawo.

"A Angelina, anamwino aja, akusamukira ku Furancungo pa koluna yomweyi. Ndikawapempha kuti ukhale pambali pawo. Akakana, supita. Ndidzeranso kwa sekeretariyu ndikakutengere giya, chifukwa popanda chikalata chimenecho sudutsa kontorolo iliyonse. Ndikawauzanso za a Damião, atsibweni ako asanafikeko ndi nkhani yawo ya makala."

Anabwerako dzuwa litapendeka, a Angelina atavomera, giya ili m'mpango. Anazula misomali ya bokosi, ndipo awiriwo anasamutsira mazira m'dengu laling'ono. Gaga anathira ngati poyamba, koma pamwamba anangofunditsa nsalu. Kenako a Clementina anakhazika Albina patsogolo pawo.

"Tsopano umve, chifukwa sindibwereza. Ukakhale pakati pa galimoto, osati kumapeto kumene kumadumpha. Dengu pamiyendo, kapulana, chitenje chako chija, yopinda pansi pake, ndipo dzuwa lisaliwombe. Pa kontorolo usadikire kufunsidwa. Vundukula wekha, unene kuti ndi mazira oti nkhuku ikafungatire. Msilikali akafuna limodzi, mpatse. Usakangane ndi munthu wa mfuti chifukwa cha dzira. Galimoto ikaima usapatukire kutchire, ponda pamene aponda anzako. Munthu wosamudziwa akakufunsa kumene asilikali agona kapena amene ali pa koluna, iwe ndiwe mwana, sudziwa kanthu. Mfuti zikalira, dengu ulisiye, ugone pansi. Mazira nkhuku idzaikira ena, koma iwe sindidzaberekanso wina. Ukafika, usawaike pansi pa nkhuku nthawi yomweyo. Agone kaye, za m'kati zikhazikike, mwala uja mudzauchotse mawa lake. Chomaliza ndi ichi. Usanyamule kanthu kamene sunakaone m'kati, angakupatse ndani."

"Ndamva, mayi."

"Kumva si kugwedeza mutu. Tidzaona pobwera."

7. Kaphukusi

A Clementina atapita kukatsekera nkhuku, Albina anayala kathumba kake pa mphasa. Anaikamo diresi, kapulana, mbatatesi zowiritsa, ndi kamchere ka mana Terezinha. Giya anaipinda n'kuimanga m'chiuno.

Pakhomo panadutsa mthunzi. Anali a Fabião. Mawu awo anali ofewa kuposa dzulo.

"Ndamva kuti mwana wathu wakula, akukwera koluna."

"Ee, atsibweni."

"Za a Damião zija tizisiye. Mayi ako andifotokozera. Munthu amalakwitsa." Anakhala pa khomo natulutsa kaphukusi m'jekete. Kanali kokulunga m'chigamba cha saka, kosokedwa mbali zonse, kukula kwake ngati chibakera. "Aka ukaike pansi pa zovala zako. Ku Ulongwe munthu adzakupeza yekha, adzatchula dzina langa. Mwana wamkazi wonyamula mazira palibe amene amamusecha."

"Muli chiyani?"

"Fodya."

"Masulani ndione."

A Fabião anaseka. "Iwe Albina, wayamba kulankhula ngati wa koreyu? Ine ndine mtsibweni wako. Ndinakunyamula usanamere mano."

"Mayi anena kuti ndisanyamule chimene sindinachione."

"Mayi ako amanena za alendo. Ine ndine mlendo?"

Albina anatulutsa diresi imene anali ataipinda kale n'kuyamba kuipindanso.

A Fabião anaika kaphukusiko pa mphasa, pafupi ndi thumba. Ataimirira, kuseka kunali kutachoka pankhope.

"Usavutitse mayi ako ndi nkhani zazing'ono, mwendo ukuwapweteka. M'mawa ndibwera ndidzakuperekeze ku koluna. Ndidzakunyamulira thumba."

Anatuluka. Albina anamvetsera mpaka mapazi awo atazimiririka kuseri kwa nkhokwe.

Anatola kaphukusi kaja. Kanali kolemera kuposa fodya. Anakanunkhiza, sikanamveke fungo. Anakafikitsa kukhutu, napendeketsa mutu, nakagwedeza.

Zii.

Anakagwedezanso mwamphamvu. Sikanalankhule.

Albina anatuluka nako n'kukaika pakhonde, pa njerwa imene a Damião anakhalapo dzulo. Anabwerera m'nyumba, namanga thumba lake mfundo yolimba, naliika pambali pa dengu la mazira. Kaphukusi kanatsala panja, pamalo poti a Fabião akadzabwera m'mawa adzakaone asanalowe.